Kodi 4G ndi chiyani, nanga mlimi angapindule nayo bwanji?

Alimi anzanga, ambiri mwakhala mukuona chizindikiro cha 4G kapena LTE pamwamba pa foni zanu koma osadziwa tanthauzo lake. Sabata ino ndati ndifotokozeko za nkhaniyi, chifukwa ndaona alimi ena pa Migowi ndi pa Chiringa akugula foni ndi ndalama za nandolo osayamba afunsa ngati foniyo iwathandize.

4G ndi njira imene foni imalumikizirana ndi nsanja ya netiweki pofuna kutenga intaneti popanda waya. Njirayi inayambira ku Stockholm ndi ku Oslo mu 2009. Kuno kwathu kampani ya TNM inaiyamba mu 2016 ndipo Airtel inatsatira mu 2018. Mukaona E pa foni, dziwani kuti muli pa kanjira ka njinga. 3G kapena H ndi msewu wa fumbi, pamene 4G ndi msewu wa tala umene katundu wambiri amadutsa msanga.

Kuti muipeze, pafunika zinthu zitatu: foni yolandira 4G, simukhadi ya 4G, ndi nsanja ya 4G pafupi nanu. Chimodzi chikasowa, zonse zalephereka. Dziwaninso kuti mapiri amatchinga mafunde a netiweki, n'chifukwa chake midzi ina ya m'tsinde mwa Michesi ndi Mulanje imavutika. Tsono musanagule, funsani mnansi amene ali ndi foni yotere kuti imaonetsa chiyani akakhala pakhomo pake.

Phindu loyamba ndi mitengo ya mbewu. Chaka chilichonse Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu. Mlimi amene waona mitengoyo, nafunsanso anzake a ku Limbe pa WhatsApp, sangapusitsidwe msanga ndi venda wobwera ndi sikelo pakhomo.

Chachiwiri ndi ulangizi. Alangizi ndi ochepa ndipo midzi ndi yambiri. Mukaona mbozi za ntchemberezandonda m'chimanga kapena mbuzi yatuluka zilonda, jambulani chithunzi chooneka bwino n'kutumiza kwa alangizi. Pa 4G chithunzicho chimafika nthawi yomweyo.

Chachitatu ndi zanyengo, ndipo ife a ku Phalombe tikudziwa kuwawa kwake. Napolo wa mu Malichi 1991 anatipeza popanda chenjezo, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola minda, ziweto ndi miyoyo. Nthambi yoona zanyengo imaika machenjezo ake pa Facebook, ndipo munthu mmodzi akaona msanga akhoza kudzutsa mudzi wonse. Komabe wailesi musaitaye, pakuti mvula yamkuntho imagwetsa mapolo a magetsi ndipo netiweki nayo imatha kuzima.

Chenjezo langa ndi ili: msewu wa tala umamwetsa mafuta. Bandulo imatha msanga pa 4G, makamaka ana akamaonera mafilimu. Zimitsani intaneti mukamaliza ntchito. Musakhulupirire mtengo uliwonse wolembedwa m'magulu a WhatsApp, ndipo nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampani.

Ngati foni yakula mtengo, sonkheranani ku kalabu mugule imodzi, musankhe munthu wokhulupirika woisunga, ndipo azipereka lipoti la mitengo ndi zanyengo pa msonkhano uliwonse.