Kompyuta ikayamba kufunsa zaka zobadwa

Ntchito yanga ndi yokonza makompyuta. Ambiri amene amandipeza ndi akaunjika, otopa kale, oti Windows yatsopano sangainyamule. Makina otere ndimawadzutsa ndi Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene munthu amatenga mwaulere pa intaneti, kugawira anzake, ngakhalenso kuisintha mmene akufunira osapempha chilolezo. Anaiyambitsa ndi Linus Torvalds ku Finland mu 1991, ndipo lero ilipo ya mitundu yambiri monga Debian, Fedora ndi Ubuntu. N'chifukwa chake lamulo lina la ku California, m'dziko la America, landikhudza ngakhale ndili kutali.

Mu Okutobala 2025, bwanamkubwa wa California, Gavin Newsom, anasaina lamulo lotchedwa AB 1043, loti liyambe kugwira ntchito pa 1 Januwale 2027. Lamuloli likuti opanga mapulogalamu oyendetsa makompyuta ndi mafoni azifunsa zaka kapena tsiku lobadwa munthu akamatsegula akaunti. Kenako makinawo aziuza mapulogalamu ena gulu la munthuyo: wosakwana zaka 13, wa 13 mpaka 15, wa 16 kapena 17, kapena wamkulu. Wophwanya lamuloli mosasamala angalipire mpaka madola 2,500 pa mwana aliyense wokhudzidwa, ndipo wochita dala mpaka 7,500.

Cholinga chake sindikutsutsana nacho. Inenso ndine kholo, ndipo zimene ana amakumana nazo pa foni ndimazidziwa. Maiko enanso akulimbana ndi vuto lomweli. Ku Britain, kuyambira mu Julayi 2025, masamba olaula amayenera kutsimikiza zaka za olowamo. Ku Australia, mu Disembala chaka chomwecho, analetsa ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pa masamba a mchezo monga Facebook ndi TikTok. Koma maiko awiriwa anagwira eni masamba. California yagwira pulogalamu imene imadzutsa kompyutayo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Apple, Google ndi Microsoft ali ndi maakaunti a makasitomala awo, maloya komanso ndalama. Nanga Debian? Chiyambireni mu 1993, imapangidwa ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana, ambiri osalandira malipiro. Ilibe kaundula wa oigwiritsa ntchito. Ine ndimaiika pa fulashi n'kudzaza makompyuta khumi popanda amene akudziwa. Mmene lamuloli linalembedwera polisaina, silinasiyanitse bwino kampani ya mabiliyoni ndi munthu wogwira ntchito yaulere usiku kunyumba kwake. Munthu wotereyu akaopa chindapusa, chapafupi n'kungosiya. Akasiya, woyamba kuvutika ndi ife amene timadalira zaulerezo.

Chinanso, lamuloli silifuna chiphaso. Limangokhulupirira zimene walemba wotsegula akauntiyo. Mwana wochenjera alemba kuti anabadwa mu 1990, basi zatha. Ndipo poti Linux ndi yotseguka, wodziwa angathe kuchotsamo funsolo. Ndiye kuti mtolo wagwera osalakwa, mwana amene timafuna kumuteteza n'kudutsa pansi pa mpanda.

Taganiziraninso mmene timagwiritsira ntchito makompyuta kuno. Pasukulu kapena panyumba, kompyuta imodzi ya akaunti imodzi amagwira mphunzitsi, ana a Fomu 1, ngakhale agogo. Tilembapo zaka za ndani?

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku lina aphungu athu adzakambirana zoteteza ana pa intaneti, ndipo adzayang'ana zimene anzathu anachita. Pempho langa n'lakuti asadzangokopera. Udindo upite kwa amene amapeza phindu ana akamakhalitsa pa masamba awo, ndipo mapulogalamu aulere opangidwa ndi ongodzipereka apatulidwe momveka bwino.

Pakadali pano, kholo likabwera kudzatenga kompyuta ya mwana, ndimamutsegulira mwanayo akaunti yakeyake yopanda mphamvu zoika mapulogalamu, nambala yachinsinsi n'kupatsa kholo. Ndimawonjezanso mawu amodzi: kompyutayi muiike pabalaza, osati kuchipinda.