A Gift Trapence, woyankhulira osowa wowayankhulira

TSANGANO — Omvera wailesi za ku Malawi kuno kumalire dzina la a Gift Trapence akulidziwa. Ambiri adayamba kulimva mu 2019, nthawi ya zionetsero. Koma ntchito yawo idayamba kale, pa nkhani imene ambiri amaopa kuitchula: ufulu wa amuna kapena akazi okondana okhaokha.

Monga mkulu wa bungwe la CEDEP, mu 2009 iwo ndi anzawo adatulutsa zotsatira za kafukufuku. Mwa amuna ogonana ndi amuna anzawo amene adayezedwa ku Malawi, mmodzi mwa asanu alionse adapezeka ndi kachilombo ka HIV. Mfundo ya bungwelo idali iyi: munthu woopa kumangidwa amaopanso chipatala, ndiye matenda amafala mwakachetechete mpaka kulowa m'mabanja.

Mu Disembala chaka chomwecho apolisi ku Blantyre adamanga Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga atachita chinkhoswe. CEDEP idaima nawo pa mlanduwo. Mu Meyi 2010 khoti lidawalamula kukhala m'ndende zaka 14, koma Pulezidenti Bingu wa Mutharika adawakhululukira mwezi womwewo, atakumana ndi mlembi wamkulu wa United Nations, a Ban Ki-moon.

Chisankho cha Meyi 2019 chitabutsa mkangano, a Trapence ndi a Timothy Mtambo, pansi pa bungwe la HRDC, adatsogolera makamu m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti lidafafaniza chisankho cha pulezidenti. Mu Malichi apolisi adagwira a Trapence, koma chaka chomwecho adakhala wapampando wa HRDC. Munthu amene ankayankhulira ochepa adafika poyankhulira ovota onse.

Nkhondo yoyamba ija yokha ndiyo sadaipambane. Pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a Malawi lidakana kuchotsa lamulo loletsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha. Kuno ku Moçambique lamulo la atsamunda la 1886 lidasiya kugwira ntchito mu Juni 2015.

Tsono anthu a ku Tsangano ndi ku Macanga amene amadutsa malire kupita ku misika ya ku Ntcheu adziwe: chimene sichili mlandu mbali ino, tsidya linalo mwamuna angakhalire nacho m'ndende zaka 14.