Mwana Akafuna Kuyamba Inline Hockey, Mugule Chiyani?

Amayi anzanga, ambiri a ife tili ndi ana ndi zidzukulu ku South Africa, ku Britain ndi kumaiko ena, kumene amaona maseŵera amene ife sitinakule nawo. Ena mwa maseŵerawo ndi inline hockey. Mwana akaumirira kuti aloŵe nawo, udindo wosamala ndalama ndi thupi lake umagwera mayi. Tsono tiyeni tidziŵiretu zofunika, pakuti safunsa anadya phula.

Maseŵeraŵa amachitikira pabwalo losalala. Mbali iliyonse imakhala ndi oseŵera anayi ndi goloboyi mmodzi, ndipo amakankha ndi ndodo kachimbale ka pulasitiki kuti kaloŵe m'golo. Kumapazi amavala nsapato za mawilo anayi ondondozana mumzere umodzi. Nsapatozi zinatchuka kuyambira m'ma 1980, pamene abale aŵiri, Scott ndi Brennan Olson a ku Minnesota ku America, anayamba kuzipanga kuti oseŵera pa madzi oundana aziphunzirabe m'nyengo yotentha. Kuno ku Afirika maseŵeraŵa ali ndi mphamvu ku Namibia, m'mizinda ya Windhoek ndi Swakopmund.

Choyamba kugula ndi chisoti. Chikhale chogwira bwino mutu, chosagwedera mwana akapukusa mutu, ndiponso chokhala ndi waya wotchinga nkhope yonse. Pa chisoti musaumire ndalama. Chimene chili ndi mng'alu, ngakhale waung'ono, musachilandire, pakuti mutu ulibe chigamba.

Chachiŵiri ndi nsapato. Ife tinazoloŵera kugulira mwana nsapato zazikulu kuti akule nazo, koma pano mwambo umenewo ndi woopsa. Phazi likamasereŵera m'kati, mwana amatuluka matuza ndipo bondo la phazi limabinya msanga. Kaŵirikaŵiri nsapatozi zimakhala zocheperapo ndi nambala imodzi poyerekeza ndi za kusukulu. Ayese atavala sokosi, chidendene chikhazikike, zala zingokhudza pang'ono kutsogolo. Dziŵaninso kuti nsapato za maseŵeraŵa sizikhala ndi buleki kuchidendene monga zija zongoyendera pamsewu.

Yang'ananinso mawilo. Pa wilo lililonse pamalembedwa nambala yosonyeza kulimba kwake. Ofeŵa, monga 74A kapena 76A, ndi a bwalo la m'nyumba. Olimba, monga 82A kapena 84A, ndi a pasimenti ndi patala. Mukaika ofeŵa pabwalo lokhakhala, adzaperepeseka m'masabata oŵerengeka, ndalama n'kupita pachabe. Mawilo amatha mbali imodzi, choncho muziwatembenuza ndi kuwasinthanitsa malo.

Pambuyo pake pakufunika magolovesi okhuthala, zotchinga zigongono, zotchinga maondo ndi misongolo, kabudula wa thonje m'chiuno, chotchinga kumaliseche, ndi kampira koteteza mano. Zambiri mwa izi mungathe kugula zogwiritsidwapo kale ntchito, malinga zingwe zake zili zolimba. Funsaninso aphunzitsi a timu ngati ali ndi zobwereketsa, kuti muone kaye ngati mwanayo watsimikizadi mtima.

Ndodo muyese motere: mwana ataima ndi nsapato za mawilo, nsonga ya ndodo ifike pachibwano. Yaitali imadulidwa kumtunda kwake. Woyamba kumene safunika ndodo yodula mtengo, yathabwa imakwanira.

Potsiriza, ukhondo. Zovala zimenezi zimamwa thukuta kwambiri. Akangobwera kunyumba, azitulutse m'chikwama ndi kuziyanika pamthunzi podutsa mphepo, ndipo ntchitoyi aigwire yekha. M'mera mpoyamba.

Musaloleze mwana kuphunzirira pamsewu wa galimoto, ndiponso lamulo la pakhomo likhale limodzi, kwa mnyamata ndi mtsikana yemwe: wopanda chisoti kumutu, nsapato za mawilo asazivale.