Timadontho toyera tidatsala pang'ono kundimalizira makumba

Ndidaziona m'mawa wina wa June 2024, chiperoni chitagwa masiku atatu osakata. Ndidapita kudamu ndi ndowa ya madeya monga mwa masiku onse, koma makumba anga sadathamangire chakudya. Ambiri adaunjikana polowera madzi, kukamwa kuli yasa pamwamba, ena akudzikhula m'mbali mwa damu ngati mbuzi ya mphere. Nditakola imodzi n'kuiika padzanja, ndidaona timadontho toyera pazipsepse ndi pamsana, ngati wina waiwaza mchere wosinja. Tsiku lomwelo ndidatola zakufa 14.

Damu limeneli lili kuno kwathu kufupi ndi phiri la Michesi, ndipo lidandivuta kale. Namondwe wa Freddy adalikwirira ndi mchenga ndi miyala mu March 2023, nsomba zonse n'kupita ndi madzi. Ndidatha chaka ndikulikumbanso, kenako ndidakongola ndalama kubanki mkhonde n'kugula ana a makumba 500. Chakumapeto kwa May mnyamata wina adadutsa panjinga ndi chigubu cha tinsomba totchipa, akuti tapadamu la abale ake. Ndidagulako pang'ono n'kukhuthulira m'damu momwemo, pamodzi ndi madzi a m'chigubumo. Sindidaganizepo kawiri.

Nsomba zitayamba kufa, maganizo anga adathamangira kwa mnansi wanga amene tidakanganapo za malire a dimba. Ndidauza mayi a kunyumba kuti munthuyu wandithirira mankhwala, ndipo ndikadapanda kuletsedwa ndikadakafika nazo kwa amfumu. Ena amati ndi matenda aja a zilonda amene adabuka ku Mchinji m'chaka cha 2020, boma mpaka kuletsa malonda a nsomba kumeneko. Koma matenda amenewo amaboola nsomba zilonda zofiira zakuya, pomwe zanga zidalibe bala n'limodzi lomwe.

Amene adandimasula ndi mwana wa chemwali wanga wokhala ku Johannesburg. Iye amagwira ntchito m'sitolo yogulitsa nsomba zokongoletsa m'nyumba, zosungidwa m'matanki agalasi. Kunena zoona, ntchito imeneyi tinkaiseka kumudzi kuno: munthu kupita Joni konse kuja kukasambitsa nsomba zosadyedwa! Nditamutumizira chithunzi pa WhatsApp adandiimbira nthawi yomweyo.

“Malume, musakangane ndi munthu. Amenewo ndi matenda a timadontho toyera, kuno timangoti ich. Ndimalimbana nawo pafupipafupi pa ma discus.”

Discus ndi nsomba yobulungira ngati mbale, kwawo ndi ku mtsinje wa Amazon ku South America. Ndi yodula, ndipo imafuna madzi otentha, madigiri 28 mpaka 30. Chomwe chidandidabwitsa n'chakuti ndi ya banja limodzi ndi chambo, makumba ndi mbuna za m'nyanja ya Malawi, zomwenso amagulitsa m'masitolo omwewo. Tsono kachilombo kovutitsa nsomba ya bwana mugalasi ndi komweko kamene kanali pa makumba a mlimi wa ku Phalombe.

Mnyamatayu adandifotokozera moleza mtima, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse. Kadontho kalikonse ndi kachilombo kamoyo, dzina lake lachizungu Ichthyophthirius multifiliis, kamene kaboola khungu la nsomba n'kukhala m'kati, kakudya. Kali m'menemo palibe mankhwala angakafikire chifukwa khungu la nsombayo ndilo likukateteza. Kakakhuta kamatuluka n'kugwera pansi, kumamatira pamatope, paudzu kapena pamwala, n'kudzikuta ndi kachikopa. M'kachikopamo kamagawikana kukhala ana mazanamazana. Anawo akatuluka amasambira kufuna nsomba, ndipo akapanda kuipeza m'masiku awiri kapena atatu amafa. Ndi pa nthawi yokhayi, akusambira, pomwe mungawaphe. Amalowanso m'ziwalo zofiira zopumira za kuseri kwa mutu wa nsomba, n'chifukwa chake zanga zinkabanika ngakhale madzi anali ambiri.

M'madzi ofunda ulendo wonsewu umatha pasanathe sabata. M'madzi ozizira umatenga masabata. Ndipo kuzizira komweko kumafooketsa makumba, amene ndi nsomba za kotentha, mwakuti matendawa amakonda miyezi ya June ndi July.

Ndidamufunsa kuti iwo kusitoloko amatani. Adati amakweza kutentha kwa madzi pang'onopang'ono mpaka madigiri 30 kuti tizilomboto tituluke msanga m'khungu, amapopera mpweya wambiri chifukwa madzi otentha sasunga mpweya wokwanira, amayamwa zinyalala zapansi ndi payipi tsiku lililonse, n'kuthira mankhwala obiriwira otchedwa malachite green, nthawi zina osakaniza ndi formalin.

“Nditumizire botolo limodzi pa basi,” ndidatero.

Adakana kwamtuwagalu. “Ayi malume, discus palibe amaidya. Mankhwala amenewo amatsalira m'mnofu wa nsomba, ndipo maiko ambiri adawaletsa pa nsomba zodya chifukwa akuwaganizira kuti amayambitsa khansa. Inu zanuzo mudyetsa ana. Gwiritsani mchere.”

Mawu awa ndimafuna alimi anzanga awamve, chifukwa masiku ano aliyense ali ndi foni ndipo malangizo ambiri a pa intaneti adalembedwera anthu osunga nsomba zokongoletsa. Munthu akhoza kuchiritsa nsomba zake bwinobwino n'kukagulitsa poizoni pamsika wa Migowi osadziwa.

Mchere wake ndi wamba, magalamu atatu pa lita imodzi ya madzi. Makumba saopa mchere wotere; si paja abale awo amakhala m'nyanja ya Chilwa, yomwe madzi ake ndi amchere chifukwa ilibe mtsinje wotulukira. Vuto lidali masamu. Damu langa ndi mamita 15 mulitali, 10 mulifupi, kuya kwake mita imodzi. Amenewo ndi malita 150,000, kutanthauza makilogalamu 450 a mchere, matumba asanu ndi anayi a makilogalamu 50. Ndalama yake ndikadaitenga kuti, ngongole ili pakhosi?

Tidagwirizana zosamutsa nsombazo. Ndidakumba maenje awiri padzuwa kuseri kwa nyumba, lililonse mamita awiri mbali zonse, kuya theka la mita, n'kuyalamo pepala lakuda lapulasitiki. Dzenje lililonse lidalowa malita 2,000 ndi makilogalamu asanu ndi limodzi a mchere. Madzi tidatunga pamjigo poti mulibe tizilomboto, ndowa 200 za malita 20, ine, mayi a kunyumba ndi ana, mpaka anthu pamjigo kuyamba kufunsa ngati tikuumba njerwa. Mcherewo sindidathire kamodzi. Ndidausungunula m'ndowa n'kumathira pang'onopang'ono kwa tsiku lathunthu nsomba zili kale m'menemo, kuti zizolowere. Usiku ndinkaphimba maenjewo ndi pepala lina pamitengo, kusiya mpata wa mpweya, kuti kutentha kwa masana kusathawe. M'bandakucha, pomwe mpweya umachepa m'madzi, ndinkatunga madzi omwewo n'kumawathira kuchokera m'mwamba. Masiku awiri alionse ndinkayamwa zapansi ndi payipi, kutaya kutali ndi damu, n'kubwezeramo madzi atsopano, magalamu 60 a mchere pa ndowa iliyonse. Chakudya ndidachepetsa kwambiri.

Pofika tsiku lachisanu timadontho tidatha. Nsomba zidayamba kudya, ndipo ine msana unali utatopa ndi ndowa. Apa mpamene ndidachita chopusa chachiwiri, choposa chogula tinsomba tapanjinga tija. Ndidati zachira, n'kubwezera za dzenje limodzi m'damu. Za dzenje linalo zidapulumuka chabe chifukwa kudada ndisanazikole, ndipo m'mawa mwake kunali maliro pamudzi.

Sabata isanathe, za m'damu zija zidachita kuyera ndi timadontho kuposa poyamba. Ndidamuimbira mnyamata uja ndili ndi manyazi.

“Malume, ndidakuuzani kuti timadontho tikasowa si kuti tafa ayi, tangotsika kukaswa. Komanso m'damumo mudatsala nsomba zomwe simudakole, ndiye tizilomboto tinali ndi podya nthawi yonseyi.”

Ankanena zoona. Pa nsomba pafupifupi 190 zomwe ndidabwezera, zochepa zokha ndizo ndidapulumutsa. Za dzenje lachiwiri ndidazisunga mumchere masabata atatu athunthu, ngakhale zinkaoneka zabwinobwino, poti kunja kunali kozizira ndipo ndidafuna kuti kachilombo komaliza katuluke m'khungu, kaswe, ana ake akafere mumchere.

Damulo ndidaliphwetsa lonse. Mlangizi wa za nsomba atabwera adandiuza kuti ndiwaze laimu pansi, makamaka m'malo motsalira matope onyowa, ndi kulisiya liwambidwe ndi dzuwa mpaka nthaka ing'aluke. Ukonde, ndowa ndi mabeseni zonse ndidaziyanika mpaka kuuma gwa, chifukwa kachilomboka sikapirira kuuma. Adandikumbutsanso kuti mbewu ya nsomba tizigula kwa alimi odziwika kapena kumalo a boma ngati ku Domasi ku Zomba, ndipo ngakhale yochokera kumeneko iyambe yakhala payokha masabata awiri kapena atatu tikuiyang'anira. Ku Johannesburg nawonso amatero: discus yatsopano simalowa m'thanki ya anzake tsiku lomwe yafika.

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'maphunziro a ulimi wa nsomba omwe ndidakhalapo tidauzidwa zambiri za kukumba damu, manyowa ndi kadyetsedwe, koma za matenda tidangodutsamo. Alimi ambiri kuno nsomba zikamafa m'nyengo yozizira amangoti zafa ndi chisanu, osaikola imodzi n'kuiyang'ana pazipsepse. Ndikukhulupirira kuti zina mwa imfa zimenezo ndi timadontho tomweti.

Ndidabwezera nsomba m'damu mu August kutayamba kufunda. Zidatsala 230 pa zonse zija, ndipo nditakolola zidakwanira kubweza ngongole, kutsala yogulira feteleza thumba limodzi. Maenje aja sindidawakwirire. Limodzi ndimasungiramo mbewu yatsopano isanalowe m'damu.

Mnansi wanga uja sadziwa mpaka lero zomwe ndidamuganizira. Mwezi wathawu adabwera kudzabwereka ukonde, poti nayenso wakumba damu lake. Ndidamupatsa, koma ndidamuuza kuti pobweza auyanike padzuwa masiku awiri, ndipo ndisanamulole kupita ndidamuonetsa chithunzi chija pafoni kuti akadzaona timadontho adzandiitane asanathire chilichonse.