Kasungidwe ka Puleni Yaitali Yamtengo

Bambo anga ndi kalipentala ku Nsaru. Mwa zida zawo zonse, chimene amachikonda kwambiri ndi puleni yaitali yamtengo imene anawasiyira agogo. Kutalika kwake ndi masentimita 60. Ntchito yake ndi kuwongola m'mbali mwa matabwa kuti alumikizane bwino popanda mpata.

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinkawathandiza kukhoma mabenchi a m'tchalitchi, ndipo ndalama zake ndi zimene zinali za fizi yanga. Tsiku lina nditatopa, ndinasiya puleni ija pasimenti pafupi ndi chitseko, mvula ikuwaza. Inakhala pamenepo masiku atatu. Bambo ataiyesa pa thabwa la mlombwa, inkangodumphadumpha. Kunsi kwake kunali kutapindika. Sanandikalipire, koma anati, "Mwanawe, mtengo ngakhale audule umamwabe madzi."

Mawu amenewa ndiwo chinsinsi chonse. Mtengo umafufuma m'nyengo ya dzinja, ndipo umanyala m'chilimwe, makamaka mu Okutobala. Koma mpeni wachitsulo umene uli m'kati mwake sunyala nawo. Tsono ngati puleni yauma kwambiri, imapana mpeniwo mpaka kung'aluka m'masaya. Ikanyowa mbali imodzi imapindika, ndipo puleni yopindika singawongole thabwa.

Nazi tsono zimene bambo anandiphunzitsa. Poyamba, mukaweruka menyani pang'ono kumbuyo kwa puleni ndi nyundo yamtengo kuti kathabwa kopanira mpeni kamasuke, kenaka bwezani mpeniwo m'kati. Kachiwiri, chotsani zipalo zonse pakamwa pake, chifukwa zimasunga chinyontho ndi kuyambitsa dzimbiri. Kachitatu, musaiike pansi, pawindo pamene pamawomba dzuwa, kapena pafupi ndi denga la malata. Malo ake ndi pashelefu yosalala, pamthunzi, popita mphepo ndiponso posafika chiswe. Igonekeni cham'mbali, kutali ndi misomali ndi macheka, ndipo musasanjikepo katundu. Musaitsamiritse pakhoma. Pomaliza, pakani timafuta pampeni, ndipo mtengowo muziupaka mafuta a linseed kamodzikamodzi.

Bambo anataya tsiku lathunthu kuwongola kunsi kwa puleni ija. Anandiuza kuti nthawi iliyonse imene aipala chotero, kamwa lake limakula, ndipo moyo wake umafupika. Mabenchi tinawamaliza mochedwa, koma mwamwayi akuluakulu a mpingo anatidikira.

Anzanga, ena mwa ife tidzakhala ansembe ndi kusunga katundu wa parishi. Ena mwina adzapita ku Namitete Technical College kukaphunzira ukalipentala. Tonsefe tidzagwira zida zimene sitinagule ndife. Pa 1 Meyi timakumbukira Yosefe Woyera Wantchito, chaka chimene Papa Pius XII anakhazikitsa mu 1955. Ine ndikaganiza za Yosefe, ndimamuona madzulo ataweruka, akupukuta zida zake ndi kubweza chilichonse pamalo pake.