Tilembe mmene madzi, mpweya ndi nyengo zilili mgodi usanayambe

Pasukulu yathu ya m'munda, tikafuna kudziwa ngati manyowa akuthandiza, timasiya ndime imodzi yopanda manyowa. Popanda ndime yoyerekezerayo sitinganene chimene chasintha. Nkhani ya migodi ili chimodzimodzi, kungoti palibe mtsinje wachiwiri woti tiusiye pambali. Choyerekezera chathu ndi mmene mtsinje womwewo unalili kale. N'chifukwa chake kuyeza kumachitika mgodi usanayambe.

Zikutikhudza bwanji ife a ku Chonde?

Kuno kulibe mgodi, koma mtsinje wa Thuchila umachokera m'phiri la Mulanje, monganso Likhubula, Lichenya ndi Ruo. Pamwamba pa phirili, ku Lichenya, kuli bauxite, dothi lopangira aluminiyamu, lomwe linadziwika m'zaka za m'ma 1920 ndipo makampani akhala akulifuna. Ku Chambe, kampani ya Spring Stone inafufuzako miyala ya rare earths cha m'ma 2012.

Kwa anzathu a ku Phalombe nkhaniyi yafika patali. Kampani ya Mkango Resources ikufuna kukumba miyala ya mtundu womwewu paphiri la Songwe. Bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA linavomereza lipoti la kampaniyi mu Januwale 2023, ndipo mu Julayi 2024 boma linasaina nayo mgwirizano.

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limati ntchito ngati ya mgodi isayambe popanda kafukufuku wa mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu. Kafukufukuyu amayamba ndi kuyeza mmene zinthu zilili lero.

Akatswiri amayeza chiyani?

Madzi: kuchuluka kwake mumtsinje, pamene akulekeza m'zitsime ndi m'mijigo, matope, asidi, komanso zitsulo zosungunuka.

Mpweya: makamaka fumbi, lomwe limachokera pokumba ndi m'misewu ya malole. Fumbi likachuluka limakuta masamba a mbewu ndipo limadwalitsa chifuwa.

Nyengo: mvula, kutentha ndi kumene mphepo ikuchokera. Izi ndi zimene zimamasulira zinazo. Chitsime chikaphwa, kodi ndi mgodi kapena ndi ng'amba? Ayankhe ndi manambala a mvula. Fumbi lidzagwera mudzi uti? Zitengera ngati kukuomba mwera kapena mpoto.

Kuyeza kwa tsiku limodzi n'kosakwanira. Mtsinje wa mu Okutobala si wa mu Febuluwale, choncho pamafunika chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe chomwe. Kumbukirani namondwe wa Freddy mu Marichi 2023: mitsinje inasanduka matope okhaokha popanda mgodi uliwonse. Zolembedwa zimateteza mbali zonse. Kampani singanene kuti madzi anali oipa kale pamene anali abwino, ifenso sitingainamizire zimene yachita mvula.

Kope la gulu lathu

Malipoti a kampani amalembedwa ndi akatswiri amene kampaniyo yawalemba ntchito. N'kwanzeru kuti nafenso tikhale ndi zolemba zathu. Tsiku limene timayendera munda tizichitanso izi:

1. Mvula. Ikani chitini chosapindika, chofanana kukamwa ndi pansi, pamtetete kutali ndi mitengo ndi denga. Izi zokha n'zatsiku ndi tsiku: 8 koloko m'mawa yezani madziwo ndi rula, lembani mamilimita, kenako khuthulani.
2. Chitsime. Tsitsani chingwe chomangirira mwala mpaka chikhudze madzi, muyeze utali wake. Muziyeza m'mawa anthu asanayambe kutunga.
3. Mtsinje. Tungani pamalo amodzimodzi m'botolo loonekera mkati, mulisiye usiku wonse, muyeze matope amene adikha. Lembaninso mtundu, fungo, ndiponso ngati mukuoneka nsomba, nkhanu ndi achule.
4. Fumbi ndi mphepo. Ikani mbale yoyera pamtengo wotalika kuposa munthu, muijambule pafoni sabata ikatha. Kansalu ka pandodo kakuuzani kumene mphepo ikuchokera.
5. Zokolola. Lembani matumba a chimanga ndi nandolo a ndime iliyonse, komanso masamba a kudimba.

Pa chilichonse lembani tsiku, malo ndi dzina la woyeza. Pakutha pa mwezi, wapampando ndi a mfumu asaine.

Zimene kope lathu silingaone

Madzi atha kuoneka oyera koma muli zitsulo zoopsa. Izi zimadziwika ku labotale kokha. Choncho akatswiri akaitanitsa msonkhano, pitani, amayi ndi abambo omwe, mukafunse: Mwayeza pati? Miyezi iti? Chitsime chathu chilimo? Zotsatira tidzaziona liti, ndipo zidzafotokozedwa m'Chichewa? Pemphani kuti a komiti ya chitukuko ya m'mudzi azikhalapo potunga madzi oyeza, komanso kuti kope la zotsatira litsale kwa a mfumu.

Ngakhale mgodi utapanda kubwera, kope lathu silidzapita pachabe. Manambala a mvula adzatithandiza kusankha tsiku lobzala ndi mbewu yoyenera.

Ntchito ya sabata ino

M'magulu a anthu asanuasanu, jambulani mapu a mudzi oonetsa mtsinje, zitsime, mijigo ndi madimba. Sankhani malo atatu oyezapo, ndipo gwirizanani woti azisunga kope.