Mitembo Inakana Zimene Manyuzipepala Ananena

M'mwezi wa March caka ca 2010, anyamata awiri, wina wa zaka 18 ndi mnzake wa zaka 19, anapezeka atamwalira m'dera la Scunthorpe ku Mangalande atacezera kumowa usiku. Apolisi anakayikira mankhwala ochedwa mephedrone, ndipo manyuzipepala anabukitsa mbiriyo ngati yotsimikizika kale.

Mephedrone ndi ufa woyera wopangidwa ndi anthu, ndipo ndi m'bale wake wa mankhwala a cathinone opezeka m'masamba a miraa amene amatafunidwa ku Kenya, Somalia ndi Ethiopia. Amathamangitsa mtima, kutenthetsa thupi ndi kucotsa tulo. Pa nthawiyo lamulo la kumeneko linali lisanawaletse, ndipo amalonda anali kulemba pamapaketi kuti ndi feteleza wa maluwa, cikhalireco palibe ndi mmodzi yemwe anagulira maluwa. Pa 16 April boma linawaletsa.

Koma akatswiri opima poizoni m'mitembo anali akadali pa nchito, ndipo nchito yao siifuna phuma. Iwo amatenga mkodzo, cidutswa ca ciwindi, madzi a m'diso ndiponso magazi. Magaziwo amakonda kuwatenga mumtsempha wa pancafu, osati mumtima, cifukwa munthu akafa mankhwala amene anaunjikana m'mapapo ndi m'ciwindi amatulukira m'magazi apafupi, ndipo muyeso wake ungaoneke waukulu koposa umene unalipo iye ali moyo.

Bvuto lina ndi lakuti zipangizo zopimira mwamsanga zimazindikira mankhwala odziwika kale monga cocaine, koma acilendo zimangowadutsa. Kuti makina atsimikize dzina la mankhwala atsopano, pamafunika mankhwala omwewo osasakaniza ofanizira nao, ndipo opanga zoledzeretsa akangosintha pang'ono kapangidwe kake, akatswiri amayambanso kufunafuna. Ngakhale mankhwalawo apezeke, funso limatsalabe ngati ndiwo anapha, pakuti ambiri amafa atasakaniza mitundu iwiri kapena itatu pamodzi ndi mowa.

Kumapeto kwa May zotsatira zinamveka: m'matupi mwa anyamatawo munalibe mephedrone. Munapezeka mowa ndi methadone, mankhwala amene madokotala amapatsa anthu ofuna kuleka heroin. Maina awiriwa amamveka ofanana, koma nchito zake n'zosemphana. Methadone amagonetsa ndi kucepetsa kupuma, ndipo kwa munthu wosawazolowera amene wamwanso mowa, pang'ono cabe angathe kuimitsa mpweya ali m'tulo.

Izi sizinayeretse mephedrone, pakuti anapezeka m'mitembo ina m'dzikomo. M'bale wake wina, alpha-PVP, wochuka ndi dzina loti flakka, anakhudzidwa ndi imfa zoposa 60 m'dera la Broward ku Florida, m'dziko la America, m'zaka za 2014 ndi 2015. Imfazo zinacepa kwambiri dziko la China, kumene anali kupangidwira, litawaletsa mu October 2015.